Kuona Maso a Nkhono N'kudekha, Bola Nkhonoyo Ilimo

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Aliyense amene anakulira pafupi ndi agogo anaumvapo mwambiwu, ndipo ambiri tinaumva nthawi imene kudikira kunali kutatitopetsa. Nkhono ukaigwira imadzibweza m'chigoba. Ukaisiya pansi n'kukhala duu osaigwedeza, imayamba kusuzumira pang'onopang'ono, kenaka imatulutsa tinyanga tija tokhala ndi maso kunsonga. Wopupuluma saziona zimenezi. Mulibe bodza m'mwambiwu. Kungoti akuluakulu amene anaupeka ankanena za nkhono yamoyo. M'minda nthawi ya chilimwe mumapezeka zigoba zambirimbiri zoyera mbuu, ndipo chigoba chikagona chafufumimba sungadziwe msanga ngati mwini wake alimo kapena linthumbu linamudya kalekale. Ungathe kuchidikira mpaka dzuwa kulowa.

Masiku ano amene amauzidwa mwambiwu kawirikawiri ndi anthu apantchito amene ali pamzere woyembekeza kukwezedwa. Pali awiri amene ndimawaganizira pamodzi ngakhale sadzakhalako pamphasa imodzi: wothyola tiyi wa m'maesiteti a ku Thyolo, ndi woyendetsa ndege wokhala mpando wa kumanja, wachiwiri kwa kaputeni. Wina amalawirira atadzimanga pulasitiki m'chiuno pothawa mame, mnzakeyo ali mu tayi ndi mizere ya golide pamapewa. Kuwafananitsa pa malipiro kungakhale kumunyoza mayi wa dengu kumsana uja. Amafanana pa chinthu chimodzi chokha: onse anauzidwa kuti akadekha nthawi yawo idzakwana, ndipo onse ali m'ntchito imene bwana angathe kuitulutsira kunja kwa mpanda iwo ali chiimire pamzere.

Ukachoka ku Limbe n'kudutsa pa Bvumbwe, tiyi amayamba kukuchingamira usanafike pa boma la Thyolo, wosalala pamwamba, kukwera ndi kutsika zitunda. Anayambira ku Mulanje, kuno n'kufika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Satemwa inatsegulidwa mu 1923, ndipo maina ngati Naming'omba, Makandi, Conforzi ndi Nchima ana a kuno amawadziwa asanadziwe maina a mizinda ikuluikulu. Manja amene anadzala mitengoyi ambiri anali a Alomwe othawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique, amene atafika kuno anagwa m'thangata, kulipira malo okhala ndi thukuta lawo. Thangata inathetsedwa mu 1962. Chimene sichinathe ndi nyengo. Dziko lathu lili ndi dzinja limodzi, choncho masamba ambiri amabwera pakati pa Disembala ndi Epulo. Nthawi imeneyo esiteti imafuna manja ochuluka, moti aliyense wodziwa kuthyola masamba awiri ndi kansonga amalembedwa. Mvula ikakata, ntchito nayo imakata.

Ndiye pali anthu amitundu iwiri m'munda umodzi: okhazikika, ndi a nyengo amene amalembedwa mvula ikagwa n'kusiyitsidwa ikatha. Wa nyengoyu amabwerera chaka ndi chaka, kapitawo amamudziwa dzina, kalaliki wa pasikelo amadziwa kuti dengu lake silikhala ndi masamba okhwima, ndipo mawu amene amamva ndi omwe aja: "Dekhani achimwene, mukalimbikira adzakulembani." Ena amalembedwadi. Akapitawo ambiri anayamba ndi dengu. Koma werengani akapitawo, muwerengenso othyola, muone kuti mipando ya kutsogolo ndi ingati. Mpando umatseguka mwini wake akapuma pantchito, akadwala, kapena akatisiya.

Oyendetsa ndege nawo moyo wawo wonse uli pa nambala. M'makampani akuluakulu ambiri, makamaka a ku America, tsiku limene munthu walembedwa ntchito amapatsidwa nambala pamndandanda, ndipo nambalayo ndi imene imagamula zonse: ndege imene ayendetse, mzinda umene akhale, kaya agwira pa Khirisimasi, ndi chaka chimene adzasamuke kuchoka kumanja kupita kumanzere kukakhala kaputeni. Luso silidumphitsa mzere. Mabungwe a oyendetsa ndege anaumenyera nkhondo mndandandawu pa chifukwa chomveka, kuti bwana asamakweze amene amamusekerera, kapena amene amavomera kuuluka nyengo itaipa. Bungwe lalikulu la ku America la ALPA, limene linayamba mu 1931, linakulira pa nkhani zoterezi. Koma nambalayi ili ndi msampha wake: siyenda nawe. Kaputeni amene wagwira ntchito zaka 20 akasiya kampani yake, kapena kampaniyo ikagwa, kumene akupitako amakayambira kumchira, mpando wa kumanja, malipiro a wongoyamba kumene. Choncho munthu sachoka. Amadekha.

Zaka zoyambirira za m'ma 2000 zinawaonetsa anthuwa kuti kudekha kumawawa bwanji. Pambuyo pa chiwembu cha pa 11 Seputembala 2001, makampani anaimitsa pantchito oyendetsa ndege zikwizikwi, kuyambira kumunsi kwa mndandanda. United, Delta, Northwest ndi US Airways onse anakagwada kukhoti atalephera kulipira ngongole, malipiro n'kudulidwa. Kenaka mu Disembala 2007 boma la America linakweza msinkhu wopumira pantchito kuchoka pa zaka 60 kufika pa 65. Kwa makaputeni achikulire inali mphatso. Kwa amene anali kumbuyo kwawo kunali kuimika mzere kwa zaka zisanu zathunthu, popeza palibe ankachoka kutsogolo. Ambiri anatha zaka zoposa khumi ali mpando womwewo wa kumanja.

Koma izi zinali zowawa za nkhono yochedwa kutuluka. Vuto lenileni linali loti maulendo enieniwo ankachoka pakhomo. Makampani akuluakulu anayamba kupereka maulendo aafupi kwa timakampani ting'onoting'ono, timene timayendetsa ndege zopakidwa utoto wa kampani yaikuluyo. Wokwera amagula tikiti ya Delta kapena United, pakhomo la ndege pali dzina lomwelo, koma amene ali kutsogolo ndi antchito a kampani ina, pamndandanda wina, pa malipiro otsika kwambiri. Ngakhale kufupi nafe zofanana nazo zinalipo: kuyambira mu 1996 ndege zolembedwa British Airways zimene zinkazungulira pakati pa Johannesburg, Cape Town ndi Harare zinali za kampani ya ku South Africa. Ulendo uliwonse umene watuluka kunja ndi mpando wa kaputeni umene sudzatseguka m'kati.

Chimene chimandidabwitsa pa mbiriyi n'chakuti eni mzere anavomera okha. Poyamba zinali ndege zazing'ono za mapulopela, ndipo oyendetsa ndege zikuluzikulu ankaziona ngati ntchito ya ana. Pa tebulo la zokambirana, kampani ikanena kuti tipatseni ufulu wa tindege tating'ono tikuwonjezereni malipiro, amene anali kumtunda kwa mndandanda ankaona kuti sataya kanthu. Kenaka m'zaka za m'ma 1990 kunabwera majeti a mipando 50, pambuyo pake a mipando 70, ndipo makampani atagwa m'ngongole mabungwe anakakamizika kulola ena okulirapo. Lero mapangano a makampani akuluakulu a ku America amati ndege yoperekedwa kunja isapitirire mipando 76, ndipo amaika malire pa chiwerengero chake. Mpandawu ndi weniweni, ndipo oyendetsa ndege amaulondera kuposa malipiro. Koma anaumanga mbuzi zambiri zitatuluka kale.

Nanga amene anali kunja kwa mpandawo? Nkhani ya kampani ya Comair ya ku Cincinnati (isasokonezedwe ndi ya ku South Africa ija, imene inali ndi dzina lomweli) ndi imene wapampando aliyense wa bungwe la apantchito amayenera kuidziwa. Comair inkayendetsa majeti ang'onoang'ono m'dzina la Delta, ndipo Delta inaigula yonse. Oyendetsa ake anafuna kuti alowe pamndandanda umodzi ndi anzawo a ku Delta, poti mwini wake anali mmodzi, ngakhalenso bungwe lawo linali limodzi, ALPA yomweyo. Sizinatheke. Mu Malichi 2001 ananyanyala ntchito, ndipo sitalakayo inatenga masiku 89. Bwalo la ndege la Cincinnati linachita zii. Pamapeto anapambana, n'kupeza malipiro abwino koposa onse a m'timakampani totere. Koma Delta nayo inaphunzirapo phunziro lake: usasenzetse kampani imodzi maulendo onse a mzinda umodzi. Inayamba kuwagawa kwa makampani angapo opikisana, aliyense akulonjeza kuuluka motchipa kuposa mnzake. Comair inasanduka yodula, ndege zake zinayamba kuchepa, ndipo mu Seputembala 2012 inatsekedwa. Amene ananyanyala aja anakayambiranso kumchira kwa mindandanda ya eni.

Sindikunena kuti analakwa kunyanyala. Ndikunena kuti sitalaka imaluma ngati ntchitoyo ilibe kwina kopita. Pamene bwana ali ndi khomo lina lotulutsira ntchito, chipambano cha lero ndi chimene chimamukumbutsa kuti khomolo lilipo. Ndipo oyendetsa a Delta amene anakana kutsegula mndandanda wawo sanapindulenso kanthu, pakuti majeti aja anapitirira kuchuluka, kungoti m'manja mwa anthu otchipa kuposa a Comair. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

Mtengo wa kutchipaku unaonekera usiku wa pa 12 Febuluwale 2009, pamene ndege ya Colgan Air, youluka m'dzina la Continental, inagwera nyumba pafupi ndi Buffalo n'kupha anthu 50. Kafukufuku anapeza zolakwa za oyendetsa, koma anavumbulanso moyo wawo: wachiwiri kwa kaputeni ankalandira ndalama pafupifupi madola 16,000 pachaka, ndipo anali atayenda usiku wonse kuchokera ku Seattle, kumene ankakhala, kuti akafike pantchito ku Newark. Abale a omwalirawo anaumiriza aphungu kusintha lamulo, ndipo kuyambira mu 2013 munthu amayenera kukhala ndi maola 1,500 akuuluka asanalembedwe pa ndege zonyamula anthu, kupatula ochokera ku usilikali ndi kusukulu zina. Lamuloli, pamodzi ndi kupuma kwa makaputeni ambiri nthawi ya Covid-19, linachepetsa anthu pamsika, moti mu 2022 timakampani tija tinayamba kukweza malipiro modabwitsa pofuna kusunga oyendetsa, ndipo mu 2023 a ku Delta anasainira pangano lokweza malipiro ndi 34 pa 100 iliyonse m'zaka zinayi. Wina anganene kuti mwaona, odekha aona maso a nkhono. Ine ndikuona kuti chimene chinasintha zinthu ndi kusowa kwa anthu oti alowe m'malo mwawo.

Ndege imene inagwa ku Buffalo inali Q400, mtundu womwe uja umene timauona ukutera pa Chileka. Kwathu kuno nkhaniyi ili ndi nkhope ina. Air Malawi inabadwa mu 1964 ngati nthambi ya Central African Airways, n'kuima payokha mu 1967. Mu 1974 inapeza ndege yaikulu ya VC10 imene inkafika mpaka ku London, ulendo umene unatha mu 1979. Mu 1991 kunabwera Boeing 737 imene anaitcha Kwacha. Ngongole zinaikwirira kampaniyi pang'onopang'ono kufikira inaleka kuuluka kumayambiriro kwa 2013. M'malo mwake munabwera Malawian Airlines, imene boma lili ndi magawo 51 pa 100 alionse ndipo Ethiopian Airlines ili ndi 49. Inayamba kuuluka mu Januwale 2014 ndi ndege ziwiri, Boeing 737-800 ndi Q400, zonse zochokera ku Addis Ababa, zokhala ndi zilembo za ET pathupi m'malo mwa 7Q wa kwathu. Ethiopian inachitanso zofanana ndi ASKY ya ku Togo, ndi Zambia Airways imene inadzukanso mu Disembala 2021.

Sindili m'gulu la amene amalira kuti ndege yathu inagulitsidwa. Air Malawi sinaphedwe ndi alendo, ndipo kampani yatsopanoyi yakhala ikuuluka. Mu 2016 Yolanda Kaunda anakhala mayi woyamba wa ku Malawi kufika pa ukaputeni, umboni woti nthawi zina nkhono imatulukadi. Koma taganizirani mnyamata kapena mtsikana amene makolo ake agulitsa malo kuti akaphunzire kuyendetsa ndege ku South Africa. Akabwerako amapeza kampani imodzi yokha yaikulu, ya ndege zowerengeka ndi zala za dzanja limodzi. Mipando ya kumanzere m'kampani yotere ndi yochepa kuposa ya akapitawo pa esiteti imodzi. Maulendo ataliatali, amene ali ndi ndege zazikulu ndi malipiro ake, ali ku Addis Ababa, ku Nairobi ndi ku Johannesburg, pamindandanda ya eni. Kuno sikuti ntchito ikutuluka panja. Ife ndi amene tili panjapo. Ndipo sitalaka ya anthu ochepa chotere siopsa munthu, pakuti pali makampani amene ntchito yawo ndi kubwereketsa ndege pamodzi ndi oyendetsa ake. Ngakhale ku Kenya, kumene oyendetsa ndege ndi ambiri, sitalaka ya mu Novembala 2022 inatha m'masiku anayi khoti litalamula kuti abwerere.

Tibwerere kumunda. Fakitale ya tiyi siigaya masamba a m'minda ya esiteti okha. Kuyambira pamene boma linakhazikitsa Smallholder Tea Authority mu 1967, alimi ang'onoang'ono a ku Thyolo ndi Mulanje akhala akulima tiyi pa timinda tawo, ndipo lero ambiri amagulitsa masamba aawisi kumafakitale a maesiteti kudzera m'magulu awo, monga Msuwadzi imene imagulitsa ku Satemwa, kapena Sukambizi ya ku Mulanje imene imagulitsa ku Lujeri. Tiyi ameneyu akafika kumsika wa ku Limbe kapena kwa wogula wa kunja amakhala m'thumba la fakitale, ndipo womwa ku London sasiyanitsa. Palibe choipa kuti munthu alime tiyi pa nthaka yake. M'boma limene malo ndi nkhani yoyaka moto, mlimi amene ali ndi kamunda kake ali ndi ulemu umene agogo ake a m'thangata sanaulawe. Koma onani momwe katundu wasamukira. Mlimiyu alibe tchuthi cholipidwa, alibe nyumba ya kukomboni, alibe chipatala cha kampani. Feteleza akadula, ngongole ndi yake. Mvula ikachedwa, chilala ndi chake. Amene amamuthandiza kuthyola ndi mkazi wake, ana ake, kapena waganyu amene dzina lake silili m'buku lililonse. Masamba amavunda msanga akathyoledwa, choncho sangawasunge kudikira mtengo wabwino, ndipo sangapite nawo kutali.

Palinso khomo lina lotulutsira ntchito limene silifuna munthu n'komwe. Ku Kericho m'dziko la Kenya makina othyolera tiyi atenga malo a anthu ambiri, mpaka mu 2023 anthu okwiya anawotcha ena mwa makinawo. Manejala aliyense wa kuno nkhaniyi amaidziwa, ndipo malipiro akamakambidwa makinawo amakhala nawo m'chipindamo ngakhale asatchulidwe.

Bungwe la apantchito a m'maesiteti la PAWUM lili ndi chinthu chonyadira. Mu 2016 linasainirana ndi Tea Association of Malawi pangano loyamba la malipiro m'mbiri yonse ya tiyi m'dziko muno, patapita chaka chimodzi chikhazikitsireni ndondomeko ya Malawi Tea 2020 imene cholinga chake chinali kufikitsa malipiro pa mlingo woti munthu n'kukhalira moyo. Zaka zoposa 100 zinadutsa anthu akuthyola tiyi popanda pepala lotere, ndiye tisalipeputse. Koma kwacha inagwetsedwa ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, ndipo zimene zinapezedwa pa tebulo zinakathera pa msika wa chimanga. Chida chakale cha sitalaka nacho chinabunthitsidwa: kusintha kwa lamulo la Labour Relations Act kwa mu 2021 kumalola bwana kudula malipiro a onyanyala akapitirira masiku atatu pachaka. Anthu a pa fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre atanyanyala mu Meyi 1992 dziko lonse linagwedezeka, koma nthawi imeneyo antchito anali pamalo amodzi, pansi pa bwana mmodzi, ndipo ntchitoyo inalibe kothawira.

Chiyeso chimene chili pa bungwe lililonse n'chakuti limvere amene amasonkha mwezi ndi mwezi ndi kuponya voti pamsonkhano. Amenewa ndi okhazikika. Wa nyengo amakhala atapita kwawo miyezi ya chilimwe, mlimi wa kunja kwa mpanda si membala n'komwe, waganyu wake sawerengedwa ndi aliyense. N'kosavuta kuti mtsogoleri abwere ndi uthenga wokoma woti malipiro a okhazikika akwera, osafunsa kuti okhazikikawo atsala angati poyerekeza ndi zaka khumi zapitazo. Makaputeni a ku America anachita chimodzimodzi, mosadziwa kuti akugulitsa mipando imene achiwiri awo ankaidikira. Zimene anaphunzira mochedwa ndi zoti funso loyamba pa tebulo si lakuti tilandira zingati, koma lakuti ntchitoyi aigwire ndani, ndipo amene akuigwira kunja alandira zingati. Wa kunja akamatchipa, mpanda umadontha. Makampani ena a kumeneko tsopano ali ndi mapangano oti woyendetsa wa kakampani kakang'ono nthawi yake ikakwana amalowa yekha m'kampani yaikulu popanda kufunsidwanso mafunso. Nawo ndi mzere wodikira, koma ndi mzere wolembedwa, wokhala ndi chiwerengero cha anthu amene adutse pa mwezi, chimene munthu angathe kukachitsutsa chikaphwanyidwa.

Chotero mkulu akamuuza mwana kuti adekhe, mwanayo sakuchita mwano akafunsa kuti chaka chatha anadutsa angati. Pangano la ku Thyolo likhoza kunena kuti munthu amene wabwerera nyengo zingapo zotsatizana ayambe ndiye kuitanidwa, ndi kuti malo a okhazikika akatseguka asankhidwe kuchokera pa mndandanda woonekera, wopachikidwa pa ofesi, osati wa m'mutu mwa kapitawo. Likhozanso kunena chiwerengero cha okhazikika chimene esiteti isatsikepo popanda kukambirana. Izi sizidula ngati kukweza malipiro, ndipo mwina n'chifukwa chake sizikopa manja pamsonkhano.

Chovuta kwambiri ndi cha mlimi wa kunja uja, amene sadziona ngati wantchito, ndipo akunena zoona, si wantchito. Iye ali ndi gulu lake, lokambirana za mtengo wa kilogalamu ya masamba aawisi. Wothyola wa pa esiteti ali ndi bungwe lake, lokambirana za malipiro a tsiku ndi mgwazo. Kawirikawiri ndi anthu a mudzi umodzi, amapemphera tchalitchi chimodzi, mwinanso ndi munthu ndi mlamu wake. Aliyense amalowa m'chipinda cha zokambirana pa tsiku lake, atanyamula nambala yake yokha. Wowerengera ndalama wa pafakitale ali ndi nambala zonse ziwiri pa tsamba limodzi, kilogalamu ya m'munda wa kampani kumanzere, kilogalamu yogula kwa alimi kumanja, ndipo chaka chilichonse amaziyang'ana asanauze manejala kuti mvula ikagwa alembe anthu angati.